Zomwe alovera anachita, ndi zomwe sanachite, mwana wanga atapsa ndi dzuwa

Kwathu kuno ukatchula za kupsa ndi dzuwa anthu ambiri amaseka. Amati zimenezo ndi za azungu ogona pamchenga ku Mangochi. Kunyumba kwanga nkhaniyi si yosekera. Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anabadwa ndi khungu lachialubino, ndipo chilichonse chochitika masana timayamba taona kaye kuti dzuwa lili pati: pochapira, popita kumsika, ngakhale posankha pokhala pamaliro. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno muli anthu achialubino oposa 134,000, choncho amayi, azakhali ndi agogo amene tsiku lina adzalandire mwana madzulo khungu lili psuu alipo ambiri. Ndikulembera iwowo, komanso wina aliyense amene dzuwa lamuwaula n'kumva anthu akuti "pakani alovera" osamuuza kapakidwe kake.

Unali mwezi wa Okutobala, ana a Sande sukulu a kutchalitchi kwathu atakonza ulendo wokwera phiri. A ku Zomba mukuudziwa mwezi umenewu. Kumunsi kuno, ku Matawale komwe timakhala, ikamakwana 9 koloko malata amakhala atayamba kale kulira ndi kutentha. Koma ukakwera msewu wokhotakhota uja n'kufika cha ku Ku Chawe, mpweya umasintha, kamphepo kayaziyazi kamakulandira, mitambo n'kumadutsa pafupi. Mwana ananyamuka ali chikwanekwane. Ndinamudzoza sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, kumaso, m'makutu, m'khosi ndi kuseri kwa manja, anavala malaya a manja aatali ndi chipewa chake chakhonde. Kumtundako mphepo inkamuulutsira chipewacho, iye n'kuchipinda kuchiponya m'chikwama. Atafika ku Williams Falls anzake anayamba kuwazana madzi, malaya ananyoweratu, iye anavula n'kutsala ndi kam'kati kopanda manja. Kenako anakadyera nkhomaliro poyera, pafupi ndi damu la Mulunguzi. Kunja kunkazizira bwino, ndiye za dzuwa palibe anaziganiza.

Apa ndi pamene anthu timanyengeka. Timayesa kuti chowotcha khungu ndi kutentha kumene timamva, pamene chowotcha chenicheni ndi cheza china cha dzuwa chosaoneka ndi maso, chomwe achipatala amati UV. Thupi silichimva pamene chikulowa. Chimadutsa m'mitambo yopyapyala, ndipo ukamakwera kumtunda chimanka chikula mphamvu, pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse. Tawuni ya Zomba ili pamtunda wa mamita ngati 900, pamene nsonga za phirili zimafika mamita 2,000. Ndiye kuti malo amene munthu akumva kuzizira bwino ndi omwewo amene akupsa kwambiri. Komanso sunscreen wodzola m'mawa sakhala tsiku lonse. Amafuna kuwonjezera pakatha maola awiri alionse, ndiponso munthu akangochoka m'madzi kapena akatuluka thukuta lambiri.

Anafika madzulo akusangalala, atandigulira masitiroberi kwa anyamata ogulitsa m'mbali mwa msewu wa kuphiri. Mapewa ndi khosi zinali zofiira pang'ono chabe. Koma kupsa kwa dzuwa sikuonekera pomwepo. Kumayamba kutuluka pakapita maola angapo ndipo kumafika pachimake tsiku lotsatira. Titamaliza kudya mgonero, mwana anayamba kulira kuti nsalu ikumubaya. Nditamuunika ndi tochi, mapewa onse, kumsana kumtunda, m'khosi, pamwamba pa makutu ndi m'mikono munali mofiira kwambiri, malire a kamalaya kaja akuoneka bwinobwino. Nditayandikitsa dzanja, ndisanamukhudze n'komwe, ndinamva kutentha kukuchokera pakhungupo.

Kulira kwa mwana usiku kumaitana anthu, ndipo aliyense amabwera ndi mankhwala ake. Wina anati ndipake mankhwala otsukira mano. Wina anati dzira laliwisi. Mayi wina, wachifundo ndithu, anabwera ndi botolo la Vaseline. Ndinawathokoza onse koma sindinapake chilichonse mwa zimenezi, chifukwa kumisonkhano ya makolo a ana achialubino anatiphunzitsa kale. Mafuta olemera, kaya ndi Vaseline, mafuta ophikira kapena majarini, amaphimba khungu n'kutsekera kutentha m'kati pamene kukufunika kutuluke. Mankhwala otsukira mano amazizira kamphindi kenako n'kuyamba kulyalya pakhungu lovulala kale. Dzira laliwisi limatha kukhala ndi tizilombo. Ngakhale madzi oundana a m'furiji si oika mwachindunji pakhungu lopsa, amalivulaza kachiwiri.

Choyamba chinali madzi. Ndinatunga a mumtsuko, ozizira mwachibadwa, n'kunyowetsa chitenje chofewa chakale. Ndinkachiyala pamapewa ndi kumsana, chikafunda ndichiviikenso, kwa mphindi ngati 15 mpaka 20. Sopo sindinagwiritse ntchito, ndipo popukuta ndinkangosindikiza kansalu pang'onopang'ono, osakwecha. Ndinamupatsa madzi akumwa ambiri, chifukwa khungu lopsa limakoka madzi m'thupi, ndiponso Panado pa mlingo wa msinkhu wake wolembedwa papaketi. Aspirin ayi, ameneyu ana sapatsidwa. Ndikunena zimenezi kaye chifukwa anthu ena amathamangira alovera pakhungu lomwe likadali moto, kenako n'kumati sanathandize. Yambani mwaziziritsa ndi madzi.

Alovera anabwera ndi apongozi anga, amene amakhala kuseri kwa nyumba yathu ndipo ali naye wodzala m'ndowa yobooka pafupi ndi bafa. Ndinaonerera mmene ankachitira, ndipo ndi mmene ndimachitira mpaka lero.

Sanadule tsamba lililonse. Anasankha la kunsi, lakunja, lonenepa, n'kulidula patsinde penipeni ndi mpeni wotsuka bwino. Ine ndinkafulumira kuti tipake, iwo anati, "Apongozi, dekhani, alire kaye alovera ameneyu." Analiimika m'kapu, kodulako kuli pansi. Posakhalitsa kunayamba kudontha utomoni wachikasu, wonunkha kuwawa, n'kumasonkhana pansi pa kapuyo. Utomoni umenewu umakhala pansi pa chikopa cha tsambalo, ndipo ndi umene umayabwitsa anthu ambiri amene amati alovera amawawenga. Ndi womwewonso umene umatsegula m'mimba munthu akamwa. Pakhungu lopsa suyenera kufika. Patatha mphindi ngati 15 kudontha kutaleka, anatsuka tsambalo, anasenga minga ya m'mbali zonse ziwiri, analigoneka pambale n'kulowetsa mpeni pansi pa chikopa chobiriwira cha pamwamba, kuchichotsa chonse. M'kati munaoneka mnofu woonekera mbee, woterera ngati therere. Anaupala ndi supuni, osafika pachikopa cha pansi, anautsukuluzanso m'madzi oyera kuti chachikasu chilichonse chichoke, kenako n'kuuphwanyaphwanya ndi supuni yomweyo m'kambale. Magetsi anali atazima, choncho m'malo mwa furiji anayandamitsa kambaleko m'beseni la madzi a mumtsuko kuti kazizire.

Tisanapake pamapewa tinayesa kaye pang'ono pamalo osapsa, m'kati mwa mkono, n'kudikira. Izi musazinyoze. Alipo anthu amene thupi lawo limadana ndi alovera ngakhale wotsukidwa bwino, ndipo si bwino kuzindikira zimenezi mutamupaka kale msana wonse. Kudikira tsiku lathunthu ndiye kwabwino koposa, n'chifukwa chake ndimauza anzanga kuti ayeseretu pa mwana ali bwinobwino, tsoka lisanagwe. Usiku umenewo tinadikira pang'ono, pataona kuti sipakufiira kapena kuyabwa tinayamba.

"Mkazi mnzanga, gona chafufumimba," anatero apongozi. Anasamba m'manja, anatapa alovera ndi zala n'kumamuika pakhungu mosindikiza pang'onopang'ono, kagawo kopyapyala, osatikita. Mwana anadzidzimuka poyamba, kenako mapewa omwe anawaumitsa aja anayamba kumasuka. "Anganga, ikaninso apa," anatero akuloza kukhosi. Tinamusiya osamufunditsa mpaka alovera atauma. Akamauma amakoka khungu pang'ono ndipo amasiya kakuwala pamwamba, si vuto. Mwanayo anagona. Pakati pa usiku anadzuka akudandaula, tinabwereza chitenje chonyowa ndi alovera, anagonanso.

Tsopano ndinene mosabisa zomwe ndinaona, chifukwa chomera chimenechi chimatamandidwa mopyola muyeso. Alovera anathandiza ululu, zimenezo ndikuchitira umboni. Anaziziritsa, anachepetsa kukoka ndi kuuma kwa khungu, ndipo anachititsa kuti mwana agone. Koma mpumulo wake unali wa kanthawi, ukatha n'kufuna kupakanso. Kufiira sikunachoke msanga chifukwa cha iye. Kusupuka kwa khungu sanakuletse. Mnofu uja pafupifupi 99 peresenti yake ndi madzi, ndiye mbali yaikulu ya ntchito yake ndi kuziziritsa ndi kunyowetsa khungu. Ofufuza zamankhwala nawonso sanapeze umboni wamphamvu woti alovera amachiza msanga kupsa kwa dzuwa. Chochiza ndi thupi lenilenilo, pamasiku ake. Alovera amangothandiza kuti masiku amenewo apiririke, ndipo kwa mayi amene mwana wake akulira usiku, thandizo limenelo si laling'ono.

Kutacha, pamwamba pa mapewa onse awiri panali patatuluka matuza ang'onoang'ono odzaza madzi, limodzi litaphulika kale chifukwa cha kutembenuka kutulo. Pamenepo ndinaleka kupaka alovera pamapewapo n'kupita naye kuchipatala chathu chapafupi m'mamawa dzuwa lisanakwere, nditamuveka malaya otakasuka a bambo ake ndi ambulera pamwamba. Anesi amene tinawapeza anayang'ana n'kunena kuti, "Mayi, matuzawa musawaboole. Chikopa chapamwambachi ndi chimene chikuteteza chilonda ku tizilombo. Pomwe paphulikapa muzitsuka ndi madzi oyera, osapakapo zam'munda." Anatsuka, anaika kansalu kosamata pachilonda, n'kutiuza zoyenera kuyang'anira. Alovera anati ndipitirize pamalo ofiira okha pomwe khungu silinang'ambike.

Lamulo limeneli ndi lomwe ndikufuna aliyense alisunge: alovera wa m'munda ndi wa khungu lofiira, lotentha, koma lathunthu. Pa matuza, pachilonda chotseguka, kapena pomwe pakutuluka madzi, ayi. Tsamba lodulidwa kuseri kwa nyumba silili loyera mokwanira kuti lilowe m'chilonda. Ndipo pali nthawi zina zomwe simuyenera kutaya nthawi ndi tsamba n'komwe. Matuza akadzaza malo aakulu kapena akatuluka kumaso, munthu akatentha thupi, kunjenjemera, kusanza, kumva mutu kwambiri, chizungulire kapena kuyamba kubwebweta, mkodzo ukachepa ndi kuda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi pakapita masiku chilonda chikayamba mafinya, kutupa kapena kupweteka mowonjezereka. Khanda likapsa ndi dzuwa, ngakhale pang'ono, limenelo ndi la kuchipatala basi.

Masiku otsatira anali a kuyabwa. Khungu linayamba kusupuka, kumachoka tizikopa toyera topyapyala, ndipo ntchito yaikulu inali kuletsa mwana kuti asamazisende yekha, chifukwa zimakoma kusenda. Ndinamuwenga zikhadabo. Apa alovera anathandizanso, makamaka wozizira, pochepetsa kuyabwako. Kutentha kutatheratu m'khungu ndinayamba kumudzoza mafuta wamba opanda fungo kuti lisaume. Khungu latsopano lotuluka pansi limakhala lanthete ndipo limapsa msanga kuposa lakale, choncho kusukulu ndinakapempha aphunzitsi kuti pa nthawi yopuma azikhala m'khonde, ndipo pamzere wa m'mawa aziima pamthunzi. Anamvetsa popanda vuto.

Za kasungidwe: mnofu wopala kale suchedwa kuwonongeka. M'furiji, m'kabotolo kotsuka kotseka bwino, umatha masiku ochepa, osapitirira sabata. Popanda furiji, makamaka m'chilimwe, palani wa tsiku lomwelo. Ukasintha mtundu kapena kuyamba fungo lachilendo, tayani. Ine ndimadula kachidutswa kamene ndikufuna, tsamba lotsalalo n'kulikulunga m'pepala la pulasitiki kuliika pozizira.

Amene mulibe chomera mukhoza kugula alovera wa m'botolo m'mafamase ndi m'masitolo a m'tawuni, koma werengani kumbuyo kwa botolo. Ambiri ndi obiriwira mochititsa kaso pamene alovera weniweni alibe mtundu. Kubiriwirako ndi utoto. Mukaona pakati pa zinthu zoyambirira palembedwa alcohol, kapena ali ndi perefyumu wambiri, musiyeni, amaumitsa ndi kulyalya pakhungu lopsa. Ena amathiramo mankhwala ochititsa dzanzi, monga benzocaine, amene amatha kuwenga khungu ndipo si abwino kwa ana aang'ono. Sankhani amene alovera walembedwa koyambirira ndipo zosakaniza zake ndi zochepa. Komanso si chomera chilichonse cha masamba aminga onenepa chomwe ndi alovera. M'mapiri mwathu muno mumamera abale ake akutchire a mitundu ingapo, ofanana naye maonekedwe, ndipo si onse oyenera pakhungu. Tengani mbewu kwa munthu amene akumudziwa ndipo wakhala akumugwiritsa ntchito.

Pali bodza limodzi lomwe limandipsetsa mtima, chifukwa ndalimva pakamwa pa anthu ogulitsa mankhwala azitsamba ndiponso pa makolo anzanga: loti ukadzola alovera m'mawa dzuwa silikuwotcha. Alovera sateteza ku dzuwa ngakhale pang'ono. Salowa m'malo mwa sunscreen. Mwana wachialubino amene wadzozedwa alovera n'kutumizidwa kumunda masana ali chimodzimodzi ndi amene sanadzole kanthu. Ndipo kuopsa kwake si ululu wa usiku umodzi. Kupsa kulikonse kumasiya kuwonongeka m'kati mwa khungu komwe kumaunjikana chaka ndi chaka, ndipo mapeto ake ndi khansa ya pakhungu, imene imapha anthu achialubino ambiri muno mu Africa akadali achinyamata. Alovera akaziziritsa ululu, kuwonongeka kwa m'katiko kumakhala kulipobe. Sunscreen wa SPF 50 kapena kuposa (SPF ndi nambala yolembedwa pabotolo yosonyeza mphamvu ya chitetezo chake), chipewa chakhonde, malaya a manja aatali a nsalu yothinana ulusi, ndi kupewa dzuwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo, zimenezi ndiye zoteteza. Anthu achialubino amalandira sunscreen kwaulere m'zipatala za boma, ndiye muzifunsa, ndipo musadikire kuti botolo lithe kaye musanapite kukatenga lina. Bungwe la APAM, loimira anthu achialubino m'dziko muno, limathandizanso kulozera makolo koyenera kupita.

A khungu lakuda musaganize kuti nkhaniyi yakudutsani. Mchimwene wanga amagula nsomba ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, ndipo tsiku lina atakhala m'bwato kuyambira m'mawa mpaka masana popita ku chilumba cha Chisi, anabwera mphuno ndi khosi zikuwawa. Kufiira sikunaoneke, khungu linangodera kwambiri ndi kutentha, koma patapita masiku linasupuka. Panyanja pamakhala popanda mthunzi ndipo madzi amabwezera cheza china kumaso. Anamupaka alovera yemweyu akazi ake, iye akuseka kuti wasanduka mzungu. Amene amapsa msanga kwambiri ndi amayi ndi atsikana odzola mafuta oyeretsa khungu, chifukwa mafuta amenewo amachepetsa chitetezo chachibadwa cha khungu, ena amalipyapyalitsa. Mankhwala enanso a kuchipatala, monga doxycycline, amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa pa nthawi yomwe munthu akumwa. Mukapatsidwa amenewa funsani adokotala za dzuwa.

Chomerachi sichivuta kusunga, koma kuno ku Zomba mvula ndi yambiri ndipo alovera amadana ndi madzi odikha. Wodzala pansi pamalo a dothi lamakande amaola mizu m'dzinja, masamba n'kufewa kuyambira patsinde. Mudzaleni m'ndowa kapena m'chitini chobooka pansi, m'dothi losakaniza ndi mchenga wambiri, muike pakhonde pomwe mvula siimenya mwachindunji koma kuwala kumafika, ndipo muzithirira dothi likauma lokha. Amaphuka tiana m'mbali tomwe mungazule n'kugawira anzanu. Masamba a chomera chaching'ono amakhala ndi mnofu wochepa, choncho dzalani panopa kuti podzamufuna adzakhale atakula.

Mwana wanga anachira, ndipo pamapewa panatsala timadontho tofiirira tomwe sitinachoke. Timeneto, pamodzi ndi makutu, milomo ndi kumbuyo kwa khosi, ndimationa kawirikawiri pomusambitsa kapena pomupesa. Kuchipatala anandiuza kuti ndikadzaona kamalo kokhakhala kamene sikakutha, kachilonda kosapola patatha masabata angapo, kapena kotuluka magazi kakakhudzidwa, ndisadzapakepo alovera kapena china chilichonse n'kumadikira, koma ndidzapite naye msanga kwa owona za khungu, chifukwa zikapezeka koyambirira amazichotsa mosavuta. Maulendo a kuphiri sindinamuletse. Amapita ndi anzake monga kale, kungoti chipewa ndinachisokerera chingwe cha pachibwano, m'chikwama mumakhala malaya achiwiri a manja aatali ndi botolo la sunscreen, ndipo ndimalankhula ndi wamkulu mmodzi wa paulendowo kuti azimukumbutsa kudzolanso ikakwana nthawi.